Penshoni Yosungira Wamasiye

Chizuru Nunome anapita ku ofesi ya penshoni chifukwa cha nkhani yakeyake, osati ya amuna ake. Mwezi umenewo anali atangokwanitsa zaka 65, ndiye inali nthawi yoti ayambe kulandira kapenshoni kake kochepako, popeza moyo wake wonse anagwira maganyu okhaokha. Zakezo zinatha msanga. Mayi wa pakauntala, wamagalasi ndiponso waulemu wake, anali akusonkhanitsa mapepala pamene Chizuru anatulutsa funso limene anachoka nalo kunyumba.

"Pepani, ndifunseko za bambo akunyumba. Ali m'chipatala, khansa ya m'mapapo. Adokotala akuti mwina saona maluwa a chaka chamawa. Iwowo ali ndi zaka 73, koma penshoni yawo sanayambe kulandira, akuichedwetsa dala kuti ikule. Ndiye ndimati ndidziwe, ikadzakhala yanga monga wamasiye, izidzabwera yochuluka bwanji?"

"Za ndalama zawo sindingakuuzeni popanda chilolezo chawo, mayi," anatero wapakauntalayo. "Koma lamulo lokha ndikuuzani. Munthu akachedwa kuyamba, penshoni imakuladi mwezi ndi mwezi. Kungoti kukulako ndi kwa mwini wake yekha, ali moyo. Gawo la wamasiye timaliwerengera pa ndalama yoyambirira ija, ngati kuti sanadikire n'komwe."

Chizuru anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akuona kuti mnzake sanamve bwino.

"Ayi, mwina sindinafotokoze bwino. Adikira zaka zisanu ndi zitatu."

"Ndamva, mayi."

"Amadikirira ineyo."

Mayi uja anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera kale. Kenako analankhula pang'onopang'ono, ngati mmene amalankhulira anthu pa maliro. Anati chotsala n'chimodzi. Bambowo akapempha penshoni ali moyo, ndalama za zaka zisanu zapitazi zibwera pamodzi, ndi kowonjezera kake. Akamwalira asanapemphe, wamasiye alandira za zaka zisanuzo popanda kowonjezera kalikonse, ndipo zaka zoyambirira zija zingopita m'madzi. Popeza sangathe kubwera okha, alembe kalata ndi dzanja lawo yomutuma mkazi wawo.

"Musachedwe nazo, mayi."

Chizuru anawerama, anathokoza, anaweramanso. Anatuluka bwinobwino mpaka pokwerera basi, ndipo basi yake inabwera n'kumupita ali chikhalire pabenchi.

Kuti mumvetse, muyenera kuwadziwa a Tadao, amuna akewo. Anagwira ntchito zaka zoposa makumi anayi ku fakitale ina yopanga mafelemu a mawindo kuno ku Takaoka, osajomba, osadandaula, osafunsa munthu njira ngakhale atasochera. Atatsala pang'ono kupuma pa ntchito anapita kukasamba ku bafa ya m'dera lathu monga mwa masiku onse. Kumeneko n'kumene amuna a kuno amaphunzirira malamulo a dziko, ali maliseche m'madzi otentha, thaulo lili pamutu. Mphunzitsi wa tsikulo anali mnzawo Shimakura, munthu amene amawerenga mitu ya nkhani yokha m'nyuzipepala, zotsalazo n'kumalizitsa yekha. Iyeyu ndiye anawauza kuti penshoni ukaisiya imanenepa, ndipo ukafa mkazi wako amaipeza ili yonenepa choncho.

A Tadao anafika kunyumba nkhope ikuwala ndi nthunzi.

"Iwe, penshoni ija sinditenga chaka chino."

"Nanga tidya chiyani, bambo?"

"Manja ndili nawo. Tamvera. Akazi a kwanu safa msanga, amayi ako anafika zaka 96 akadali kutukwana anamwino. Ine ndidzatsogola, zimenezo n'zodziwika. Ndikaikuza mpaka zaka 70, iwe udzadya bwino ine ndili m'manda."

"Bambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Bwanji tikafunse kaye ku ofesi?"

"Tikafunse chiyani? Ndine mwana ine?"

Chizuru anapita kukhitchini, anatsegula mpopi kuti asamveke, n'kulira. Sikunali kulira kwa chisoni ayi. Pa zaka zonse za banja lawo a Tadao anali asanamuuzepo mawu okoma ngakhale amodzi. Mwamuna wa mtundu umenewu sanena kuti ndimakukonda. Akafika ponena za manda ake ndi chakudya chako, ndiye kuti wanena zonse. Chizuru anawatenga mawu amenewo n'kuwasunga mumtima, ndipo ndi amene anamudyetsa zaka zisanu ndi zitatu.

A Tadao anapeza ntchito imene amapeza madala ambiri a kuno, yoimika magalimoto pomwe akukonza msewu. Chisoti kumutu, ndodo yofiira m'manja, kuweramira dalaivala aliyense ngati ndi mlendo wolemekezeka. M'chilimwe phula linkawawotcha kumapazi. M'nyengo yozizira chipale chofewa chimene chimagwa kuno, chonyowa ndi cholemera chija, chinkawaunjikana pamapewa mpaka madzulo. Chizuru nayenso anawonjezera masiku ku fakitale yophika chakudya cha m'mabokosi, kutsuka mpunga m'madzi ozizira mpaka zala zinapindika osawongokanso. M'nyumba ankayatsa mbaula ya palafini m'chipinda chimodzi chokha. Denga litayamba kudontha anaika beseni. Nsomba ankagula ya madzulo, imene aitsitsa kale mtengo kawiri.

Koma ulemu ndiye anali nawo. Ku bafa kuja anawapatsa dzina loti Bwana Dikirani, ndipo a Tadao ankalikonda dzinalo ngakhale ankanamizira kukwiya. Mnyamata wa zaka 60 akati ine nditenga yanga msanga, madala ankamuloza. "Taona Nunome uyo, ndiye mwamuna. Iwe ukufuna mkazi wako adzadye udzu?" Akazi anzake a Chizuru ankamugwira pamkono m'sitolo. "Uli ndi mwayi, mnzanga. Wanga uja anatenga yake tsiku loyamba, n'kukagula ndodo zowedzera nsomba." Chizuru ankayankha kuti aa, ndi munthu wouma mutu chabe, koma mumtima ankanyada.

Tsiku limene a Tadao anakwanitsa zaka 70 linali loti kudikira kuthe. Anavala jekete ndi taye, n'kupita okha ku ofesi. Chizuru anaphika mpunga wofiira wa nyemba, wa pa chikondwerero uja, anagulanso nsomba yam'mawa. Bambowo anabwera mochedwa, anavula nsapato nthawi yaitali pakhomo.

"Lamulo linasintha," anatero osamuyang'ana. "Tsopano munthu angathe kudikira mpaka zaka 75. Imakula kwambiri. Tidikira."

"Zaka zina zisanu? Bambo, maondo anuwo?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakula chakudya, ndili ndi njala."

Chaka chotsatira mkulu wake wa Chizuru, Kazue, anadwala ku Kagoshima, kumapeto kwenikweni kwa dziko. Awiriwa anakulira pa mphasa imodzi, ndipo Kazue ndiye anamulera amayi awo ali kumunda. Ankaimba foni mawu akunka nachepa. "Bwera ndidzakuone, mwana iwe." Koma ulendo wa ndege si masewera, komanso ku fakitale ukajomba sabata ziwiri umapeza wina ataima pamalo pako. A Tadao anati adikire pang'ono, penshoni ikayamba kubwera azidzapita ngakhale kawiri pa chaka. Kazue sanadikire. Chizuru anapita ku maliro okha, pa ndalama imene anatumiza mwana wawo Maki, yemwe anakwatiwa ku Nagoya. Ngakhale pamenepo sanawaimbe mlandu amuna ake. Angamuimbe bwanji mlandu munthu amene akuima pa chipale chifukwa cha iye?

Ndiye lero ali pabenchi paja, kapepala kotumira munthu kamene anamupatsa ku ofesi kali m'chikwama, Chizuru sankaganiza za ndalama kwenikweni. Ankaganiza kuti akawauza bwanji. Kuti kalata ilembedwe, a Tadao afunsa chifukwa, poti malire amene anadziikira sanakwane. Ndipo chifukwa chake n'choti zaka zisanu ndi zitatu za pamsewu zija sizinamuwonjezere mkazi wawo ngakhale kandalama ka yeni imodzi. Munthu wangotsala mafupa okhaokha, chimene chikumugwiriziza ndi kunyada kumeneko, ndiye iwe ukamulande? Anakwiyira Shimakura, anakwiyira lamulo, anadzikwiyira yekha kuti bwanji sanabwere kudzafunsa kalekale. Safunsa anadya phula, koma phula ili analidya awiri.

Tsiku loyamba kuchipatala analephera. Anawapeza a Tadao atatsamira pilo, akucheza ndi wodwala wa pabedi loyandikana, dala wina wogontha khutu limodzi.

"Ameneyu ndiye mkazi wanga," anatero mokweza. "Musamuone kuonda, akubwera pabwino. Ndamusungira kanthu. Ine ndikangotseka maso, ayamba kudya nyama ya ng'ombe."

"Mwachita bwino, achimwene," anatero dala uja. "Amuna otere atha masiku ano."

Chizuru anamwetulira, anasenda apulo, anabwerera ndi kapepala kake.

Tsiku lachiwiri anaganiza zongozisiya. Afe ndi mtendere wawo, ndalamazo zipite. Koma atafika kunyumba anapeza beseni litadzaza, madzi akuyenderera pa mphasa, ndipo pofuna kulinyamula zala zinakana, linagwa. Anakhala pansi m'madzimo. Ku fakitale anali atamuuza kale mwaulemu kuti liwiro lake latsika. Akazi a kwawo safa msanga, zimenezo a Tadao ananena zoona. Zaka makumi atatu zikhoza kukhala zili kutsogolo, pa kapenshoni kake ndi gawo la wamasiye losanenepa lija. Kukhala mtolo wa Maki m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Nagoya, pamaso pa mkamwini, ankakuopa kuposa imfa.

Amene anamudulira nkhani ndi dokotala. Anamuitanira pambali n'kumuuza kuti ululu ukukula, ndipo kuyambira sabata yamawa awonjezera mankhwala. Bambowo azigona nthawi zambiri, mwina sazizindikiranso bwino. Ngati pali zoti akambirane, akambirane tsopano.

Masana a tsiku lotsatira anamwino anamutenga dala wogontha uja kukamujambula, m'chipinda munatsala awiri. Kunja kunali kowala, mapiri a Tateyama akuoneka oyera mbee pawindo. Chizuru anakoka katebulo ka pabedi, anaikapo pepala ndi cholembera. Mawu anali atawakonza m'basi, ofewa, oti mlandu ugwere lamulo.

"Bambo, ndinapita ku ofesi ya penshoni za ine zija. Ndiye ndinafunsako za inu. Musakwiye. Akuti pali kanthu kena m'lamulo kamene anthu ambiri sakadziwa, si inu nokha ayi, ngakhale ophunzira amalakwitsa. Akuti kukula kuja kumathera pa inu. Kwa wamasiye sikufika. Ndiye akuti ndi bwino mupemphe panopa, tipulumutseko zina." Anasendeza pepala lija pafupi nawo. "Koma ine ndikudziwa kuti munachitira ine. Zimenezo palibe angazifafanize. Kwa ine zili ngati ndalandira kale."

Anadikira kuti akalipe, kapena atsutse, kapena alire. Anali atakonzeka kuwagwira dzanja. A Tadao anangoyang'ana mapiri aja.

"Nanenso anandiuza zomwezo," anatero.

"Ndani?"

"A ku ofesiko."

"Liti?"

"Tsiku ndinavala jekete lija."

Chizuru anagwira chitsulo cha bedi.

"Tsiku ndinaphika mpunga wofiira?"

"Eya."

"Zaka zitatu zapitazo."

"Usakweze mawu, muno ndi m'chipatala."

"Sindinakweze. Ndikufunsa. Munadziwa tsiku limenelo kuti kwa ine sikufika kanthu, n'kubwera kudzandiuza kuti tidikira zina zisanu?"

A Tadao anatsokomola nthawi yaitali. Chizuru sanawapatse madzi.

"Ndikanalowa bwanji m'nyumba?" anatero atapezako mpweya. "Iwe utaphika, utavala bwino. Ndikanati chiyani? Kuti ndinamvera Shimakura m'bafa, osafunsa? Nanga kwa anthu onse aja ndikanaonetsa nkhope yanji? Mzinda wonse ukudziwa kuti Nunome akusungira mkazi wake. Ndiye ndikati pepani, ndaima pamsewu zaka zisanu ngati chitsiru?"

"Ndiye munaona kuti bola muime zina zitatu."

"Ndinali ndi mphamvu nthawi imeneyo. Ndinawerengera. Ndinati ndikafika 75, n'kukhala ndi moyo mpaka 90, zonse zidzabwerera, tidzadyera limodzi, iwe sudzadziwa n'komwe. Matendawa ndiwo andilaula."

"Matenda."

"Nanga ndinawaitana?"

Chizuru anayang'ana zala zake zopindikazo. Ankafuna kufunsa za mbaula, za denga, za nsomba yotsika mtengo, koma zonsezo zinaoneka zazing'ono. Funso linali limodzi, ndipo ankaliopa.

"Pamene achemwali anga ankaimba foni kuti ndipite, munkadziwa?"

A Tadao anatseka maso.

"Musagone. Ndikufunsani, bambo a Maki. Pamene munkati dikira pang'ono, udzapita kawiri pa chaka, munkadziwa kuti mukanatha kukalemba tsiku lomwelo, ndalama n'kubwera, ine n'kukawapeza ali moyo?"

"Ndinkadziwa."

Anayankha motsitsa, koma anayankha. Bola akananama. Chizuru anali atabwera ndi chifundo chodzaza manja awiri, atachisenza sabata yonse, osagona, akudziona ngati chigawenga chimene chikukaswa mtima wa munthu wodwala. Tsopano chifundocho chinalibe pochiika. Zaka zisanu zoyamba zija mwina zinalidi zake, mphatso ya munthu wopusa koma wachikondi. Zitatu zotsatirazo sizinali zake. Anazipereka yekha, ndi zala zake, ndi mkulu wake, kuti amuna ena okalamba a m'bafa asamuseke mwamuna wake. Anawada a Tadao panthawi imeneyo, kudana nawo kwenikweni, kumene anali asanakumvepo chikwatiwire.

Anatenga cholembera n'kuwafumbatitsa.

"Lembani."

"Maki akamva kuti ndatenga nthawi isanakwane, afunsa chifukwa."

"Lembani, bambo. Za manyazi anu mwazigwirira ntchito zaka zitatu. Izi zokha chitirani ine."

Analemba. Kale a Tadao anali ndi dzanja lokongola, anzawo ankawapempha kuwalembera makadi a chaka chatsopano. Lero zilembo zinkatsetsereka ngati zaledzera, ndipo pa dzina la mkazi wawo anapumira kawiri. Chizuru anagwirizira pepalalo kuti lisasunthe, koma dzanja lawo sanalikhudze. Atamaliza analiwerenga lonse, analipinda, analiika m'chikwama n'kutseka zipi.

"Chizuru."

Kawirikawiri ankangoti iwe. Mtima wake wopusawo unadumpha, unaganiza kuti mwina tsopano kukubwera pepani.

"Usamuuze Maki. Ngakhale Shimakura, asamve. Unene kuti ndi za chipatala, timafuna zolipirira."

Chizuru anawayang'ana. Munthu anali atatha, khosi ngati la nkhuku yosololedwa nthenga, mphuno ili ndi kapaipi, koma maso ali tcheru kudikira yankho, ngati kuti nkhani yaikulu m'chipindamo inali imeneyo.

"Sindiuza munthu," anatero. "Mwana adzakulirani ngati bambo amene anaganizira mkazi wake. Anzanu adzalankhula zokoma pa maliro, ine ndizidzawerama n'kumati zoonadi, zoonadi. Musadandaule, nkhope yanu ndikusungirani. Ine ndiye ndimadziwa kusunga."

"Wachita bwino," anatero a Tadao, ndipo anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu. Sanamve n'komwe kuti mawuwo anali ndi minga.

Kenako chifuwa chinawagwiranso, champhamvu kuposa poyamba, thupi lonse kugwedezeka. Panalibe namwino pafupi. Chizuru anaima kaye, manja ali pachikwama. Koma zaka makumi anayi si chinthu choti manja angaiwale tsiku limodzi. Anawadzutsa, anawatsamiritsa paphewa pake, n'kumawasisita pamsana mpaka chifuwacho chinatsika. Anali opepuka ngati mwana.

Chimene chinamuwawa koposa n'chakuti mkwiyo ngati umenewu umafuna zaka. Umafuna kuti munthu aulankhule, amenyetse zitseko, agone chipinda china, alire, kenako mwina tsiku lina akhululuke. A Tadao anali atatsala ndi masabata, ndipo ambiri mwa masabatawo adzakhala ali mtulo. Ngakhale nthawi yowakwiyira anali atamudyera.

Anawapukuta pakamwa, anawakonzera pilo, n'kuwafunsa ngati mawa awabweretsere zovala zogonera zabuluu kapena zotuwa zija.